Manja Ena pa Chikuku cha Tilda

Mphepo ya kum'mawa ikayamba kuwomba ku Kellinup, akuluakulu sitiyang'ana kumwamba, timanunkhiza. Loweruka limenelo inabwera ndi fungo la tchire lakupsa. Moto unali kutali, kuseri kwa minda ya tirigu, ndipo a pawailesi ankati palibe choopsa. A pawailesi amatero nthawi zonse. Dzuwa linatuluka lofiira ngati diso la munthu amene wagona kumowa.

Errol Tunney anali atavala kale malaya ake achikasu, aja okhala ndi nkhope ya kamtsikana pachifuwa. Anakhala pakhonde, foni ili m'manja, akuwerenganso uthenga umene Marnie anamutumizira dzulo lake: "Mawa chitunda ndi chako. Usandifunse zambiri."

"Kafoni kameneko kakuthera m'manja ngati sopo," anatero amalume ake a Clem, akutuluka ndi kapu ya tiyi, mawondo akulira ngati chitseko.

"Akuti pa chitunda ndikankhe ndine."

A Clem anaika kapu pansi. "Wakuuza yekha Marnie?"

"Yekha."

"Ndiye wakwatira, mphwanga. Kwatsala n'kudula keke basi." Koma sanaseke. "Nanga Glenys akudziwa?"

"Amayi akewo? Kaya."

"Akudziwa. Mayi ameneyo nkhuku ikaikira dzira ku Perth amamva. Dzulo ndinakumana naye ku sitolo akumwetulira. Glenys akamwetulira, thamangira kunyumba ukaone ngati galu wako ali moyo."

"Inu amalume, aliyense kwa inu ndi mfiti."

"Ndakalamba ndi anthuwa ine. Iwe unabwera dzana, ndi lumo lako lometera nkhosa."

Ulendo wa ndawala wa Tilda, mwana wa Marnie, unayamba chaka chimene mwanayo anasiya kuyenda. Madokotala a ku Perth anamuyeza, anamubaya, anamujambula mpaka m'mafupa, koma matendawo ngakhale dzina alibe. Amati ana odwala chotere dziko lonse lapansi sangadzaze basi imodzi. Anayamba ndi miyendo, kenako manja, tsopano lilime layamba kulemera. Ndiye chaka ndi chaka tauni yonse imayenda kuchokera pa bwalo la mpira mpaka pamwamba pa chitunda cha thanki, kusonkha ndalama za kafukufuku wa matendawo. Ena amayendera mwanayo. Ambiri amayendera kuti anzawo awaone.

Malamulo ake ndi awiri, ndipo palibe amene anawalemba. Pa msewu wa pachidikha, aliyense wopempha kukankha chikuku amapatsidwa, kaya ndi chidakwa, kaya ndi mdani wako. Kukaniza munthu ndi manyazi osachoka. Koma mukangodumpha njanji, chitunda ndi cha banja. Poyamba ankakankha agogo ake aamuna a mwanayo. Iwo atamwalira Marnie ankakankha yekha, thukuta lili kamukamu, osalola dzanja la mwamuna aliyense. Bambo wa mwanayo, Brodie Haas, anathawira ku migodi ya kumpoto matenda atangodziwika. Errol sanamuonepo. Zithunzi zake Marnie anazichotsa m'nyumba kalekale.

* * *

Pa bwalo la mpira panali chikasu chokhachokha. Chifukwa cha utsi anthu ambiri anamanga tinsalu kumphuno, ena zipewa mpaka m'maso, moti mnzako umamudziwira kayendedwe. Errol anapeza Marnie atagwada patsogolo pa chikuku, akumanga zingwe za nsapato za Tilda, nsapato zimene pansi pake panali posadetsedwa ngati za m'sitolo.

"Amalume... a Ubweya," anatero Tilda, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Mwa...samba?"

"Kawiri, bwana."

"Bodza. Muku...nunkha nkhosa."

Marnie anaseka, koma maso ake anali otupa. Anaimirira n'kumukokera Errol pambali pang'ono.

"Uthenga wanga unauona?"

"Ndauwerenga mpaka wafufutika."

"Nanga osayankha bwanji?"

"Unati ndisafunse zambiri."

"Ndinati usafunse, sindinati ukhale chete ngati mtembo." Anamukonza kolala ya malaya. "Ukudziwa chimene anthuwa anene ukakafika naye pamwamba paja?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo sukuopa?"

"Ndikuopa chitunda chokha. Bwanayu wanenepa."

"Errol, ndikunena zenizeni. Ukakwera naye sudzatsikanso. Ine munthu wina anandisiya kale panjira. Kachiwiri sindingapirire."

"Sindimusiya, Marnie. Ngakhale iwe."

Anafuna kunenanso china mayiyo, milomo inatseguka, koma anangomeza. Errol anaona, n'kuganiza kuti ndi manyazi a chikondi. Mwamuna akakonda amakhala wopusa kuposa nkhosa zimene amameta.

Marnie atapita kukatenga madzi, mayi Glenys anatulukira ngati achita kumera pansi. Tsitsi linali lopesedwa bwino, chikwama chachikulu chili m'khwapa.

"Bambo Tunney."

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka. Ndamva kuti mwakwezedwa pa udindo."

"Ndi Marnie amene wafuna, mayi."

"Marnie amafuna zambiri. Ali mwana ankafuna hatchi." Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. "Tandiuzani, kuntchito kwanu kuja nkhosa ikalephera kuimirira mumatani nayo?"

"Tilda si nkhosa, mayi."

"Ine ndikudziwa. Ndimafuna ndimve ngati mukudziwa inu." Anamwetulira. "Ndinu munthu wabwino, sindikukana. Koma pali china chimene mwanayu akusowa chimene inu mulibe, ngakhale mutagulitsa galimoto yanu ija ndi nsapato zomwe."

"N'chiyani chimenecho?"

"Kafunseni amene wakupatsani chitunda."

Potembenuka chikwama chinayasama pang'ono. Errol anaonamo malaya ena achikasu, atsopano, opindidwa bwino. Anali aakulu, a mwamuna.

* * *

Anayamba kuyenda belu la kusukulu litalira. Kutsogolo kunali ana onyamula chinsalu cholembedwa dzina la Tilda, pambali atsikana akugwedeza zidebe kwa a magalimoto. Chikuku chinali pakati, Errol mbali ino, Marnie mbali inayo.

Woyamba kupempha anali a Doust a ku butchala, amene anakankha akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"A Doust, mwanayo akufuna kukafika lero!" anakuwa wina kumbuyo.

"Bwera udzakankhe iweyo, galu iwe! Mimba yako ija ikafika mawa!"

Kenako abusa, kenako mphunzitsi wamkulu, kenako mayi wina wa ku banki amene anakankha pang'ono chabe, pongofuna kuti mwamuna wake amujambule. Anabweranso Snowy, chidakwa cha tauni, chikuku n'kuyamba kuyenda mokhotakhota. Tilda anaseka mpaka kutsokomola. Palibe amene anamuletsa Snowy. Lamulo ndi lamulo.

Atadutsa pa chipatala chakale utsi unakula. Phulusa linayamba kugwa pang'onopang'ono, kumatera pa zipewa ndi pa mapewa. Nthabwala zinachepa. Akhwangwala amene amakhala pa mawaya a magetsi anali atachoka onse. Errol anacheuka kuti aone ngati anthu akutsatirabe, ndipo anaona munthu wina wamtali akuyenda payekha m'mbali mwa msewu, nsalu yofiira kumphuno, magalasi akuda m'maso. Malaya ake achikasu anali ndi mizere ya mopindidwa. Sankalankhula ndi aliyense. Sankayang'ana msewu, ankayang'ana chikuku.

"Ndani uyo?" Errol anafunsa.

Marnie anacheuka, koma pakati panadutsa gulu la amayi a ku tchalitchi. "Uti?"

"Basi, wabisika."

Pa nkhokwe za tirigu, njanji ikuonekera patsogolo, kumbuyo kunamveka phokoso.

"Marnie! Amayi ako!"

Mayi Glenys anali atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, dzanja pachifuwa, akupuma mobanika. Amayi awiri ankawakupiza ndi zipewa.

"Ndi utsiwu," anatero Marnie, nkhope itasintha. "Ndinawauza kuti akwere galimoto." Anagwira mkono wa Errol n'kuika dzanja lake pa chogwirira cha chikuku. "Pitirira naye, asaime mu utsi muno. Ndikupeza pa njanji. Usamusiye, wamva?"

"Ndamva."

Errol anagwira ndi manja onse awiri. Njanji inali apo, poponya mwala ungafike, ndipo kuseri kwake msewu wa miyala unkakwera mpaka ku thanki imene inkaoneka mwa apo ndi apo mu utsi. Anthu anayamba kumupatsa mpata, ena akugundana zigongono. Anali atamva kale. Ku Kellinup chinsinsi chimakhala chinsinsi mpaka sitolo itatsegulidwa.

"Amwene, tipatseniko nafe."

Anali wamtali uja. Anali atafika pambali pake mosamveka, mawu akutuluka kuseri kwa nsalu.

"Tafika kale pa njanji, achimwene," anatero Errol.

"Sitinafike. Kapena chaka chino mwayamba kusankha nkhope?"

Ananena mokweza ndithu. Mitu inatembenuka. A Doust anayang'ana, abusa anayang'ana. Errol anali wobwera m'tauni muno, ndipo wobwera amaopa lamulo kuposa eni ake amene analipanga. Akanakaniza, madzulo ake ku bala akanati wometa nkhosa uja sanalowe n'komwe m'banja koma wayamba kale kutseka zitseko.

"Mpaka pa njanji basi," anatero.

"Osadandaula, amwene."

Errol anachotsa manja.

* * *

Matayala a kutsogolo anagunda chitsulo choyamba. Munthu uja anapendeketsa chikuku mwaluso, n'kudumpha. Chitsulo chachiwiri, n'kudumphanso. Sanaime.

"Zikomo, achimwene, apa ndi panga." Errol anatambasula dzanja n'kugwira chogwirira.

"Chotsa dzanja. Umugwetsa mwana."

"Ndati apa ndi..."

"Pako?" Munthuyo anakokera nsalu ija pansi ndi chala chimodzi, n'kukweza magalasi pamphumi. Nkhope yake inali yopserera ndi dzuwa la kumpoto, koma maso anali omwe aja a pa malaya a anthu onse, otuwa, otalikirana pang'ono. Maso a Tilda.

Dzina linayenda m'gulumo ngati moto wa mu ziputu. "Brodie." "Ndi Brodie Haas." "Mayo ine, wabwera."

"Chitunda ndi cha banja, si choncho a Doust?" anatero Brodie. "Kapena malamulo anasintha ine kulibe?"

A Doust anayang'ana nsapato zawo. Abusa anayamba kupukuta magalasi. Anthu omwewo amene kwa zaka ankamutukwana Brodie pa bala, kulumbira kuti akadzangoponda m'tauni muno adzamuthyola nthiti, anaima ngati mitengo ya mpanda. Anthu kulimba mtima kwawo kumakhala munthu ali kutali.

Msewu unali utayamba kale kukwera. Errol anaona kuti akakoka, chikuku chipendama, ndipo pansi panali miyala yakuthwa. Mwana amene sangathe ngakhale kutchinga nkhope ndi manja sulimbirana pa mtunda. Anasiya. Kachiwiri tsiku lomwelo anachotsa dzanja lake yekha.

Brodie anayamba kukwera. Anali wamphamvu, ankakankha ngati chikuku chilibe munthu. Errol ankatsatira kumbuyo, manja ali lende, osadziwa powaika.

Tilda khosi silitembenuka. Sankadziwa chimene chachitika kumbuyo kwake.

"Amalume... a Ubweya! Tha...mangani!"

"Gwiritsa, mwana wanga," anatero Brodie, n'kuwonjezera liwiro.

Anayenda pang'ono, kenako mawu a mwanayo anamveka aang'ono.

"Simu...kununkha nkhosa. Ndinu... ndani?"

"Ndili pano, bwana," anatero Errol msanga, akuthamangira pambali kuti amuone. "Ndili pano, usaope."

"Bwerera m'mbuyo, amwene," anatero Brodie mosakweza mawu. "Kuno ndi kwa abale."

* * *

Pamwamba, pansi pa thanki, panali matebulo a makeke ndi mabotolo a madzi. Masoseji chaka chino kunalibe, a zozimitsa moto analetsa kuyatsa chilichonse. Amene anatsogola pa magalimoto ataona chikuku chikutulukira mu utsi anayamba kuwomba m'manja. Anthu amawombera m'manja chilichonse chimene chafika pamwamba. Mtsikana wa nyuzi ya m'boma anagwada n'kujambula. Brodie anawerama, kuika tsaya lake pa tsaya la mwana amene ankayesetsa kulithawa.

A Clem anali pa mpando wawo pafupi ndi tebulo. Anayang'ana Brodie, anayang'ana mphwawo, n'kulavula pansi.

"Wamupatsa wekha?"

"Anapempha tisanafike pa njanji."

"Fisi akapempha kuti akugwirireko mbuzi, umafunsa kuti lamulo likuti chiyani?"

Marnie anafika akuthamanga, tsitsi lili nyankhalala, phulusa litamatirira pa thukuta. Anali atamva kale m'njira. Anapyola Brodie ngati sanamuone, n'kugwada kwa mwana wake, kumugwira nkhope, manja, mawondo. Atatsimikiza kuti ali bwino anaimirira n'kupita kwa Errol.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi."

"Marnie, anali atabisa nkhope. Sindinamuonepo munthuyu."

"Chimodzi chokha, Errol! Ndinati usamusiye!"

"Ndikanamukaniza bwanji anthu onse akuyang'ana?"

"Anthu! Ine ndimayesa ndapeza mwamuna woti akhoza kukaniza anthu."

Mawu amenewo anamulasa kuposa mbama. Asanayankhe, galimoto ya abusa inaima pambali, ndipo mayi Glenys anatsika okha, osagwiridwa ndi munthu, akupuma bwinobwino ngati mwana wa sukulu.

"Usamukalipire mlendoyu," anatero. "Brodie ndamuitana ndine."

"Amayi!"

"Ukufuula chiyani? Iwe unakanika kumuimbira, ndiye ndikanatani? Ndizingoyang'ana mdzukulu wanga akutha ngati kandulo chifukwa cha kunyada kwako?" Anatembenukira kwa Errol. "Sanakuuzeni, eti? Ndinadziwa. Madokotala a ku Perth aja anaimba foni mwezi watha. Akuti tsopano ali ndi njira yofufuzira pamene matendawa anayambira, koma akufuna magazi a anthu atatu kuti awafananize: a mwana, a mayi, ndi a bambo. Bambo womubereka, a Tunney. Osati wokankha chikuku."

Errol anayang'ana Marnie. "N'zoona?"

Marnie sanakweze maso. "Ndimafuna ndikuuze tikafika pamwamba pano. Ndimati tikakhala awiri, tikamupempha tili awiri..."

"Kundipempha?" Brodie anaseka, akupukuta khosi ndi nsalu yofiira ija. "Simukusowa kupempha. Tilda ndi mwana wanga. Magazi ndi awa, adzaza mitsempha, atenge ngakhale chidebe."

Anthu anali atasiya makeke. Anaima mozungulira, aliyense akunamizira kuyang'ana kumene kunali moto.

"Ndinalakwa, Marnie, ndikuvomera pamaso pa anthu onsewa," anapitiriza Brodie, dzanja lili pachifuwa, mawu akuwakweza kuti afike ndi kwa a kumbuyo. "Ndinali mwana, ndinachita mantha. Koma ndabwera. Ntchito ya ku mgodi ndasiya. Lachinayi ndikutengani pa galimoto yanga, iwe, ine ndi mwana, tikalowe m'chipatala muja ngati banja."

Kenako anayandikira, n'kutsitsa mawu kuti amve Marnie ndi Errol okha.

"Koma ine sindipereka magazi anga kuti mwana wanga achire n'kumakaitana wometa nkhosa kuti bambo. Uyu asapondenso pakhomo pako. Ndikangomva kuti galimoto yake yaima pa geti, kaya wakuimbira foni, ine wanga ulendo wa kumpoto, ndipo ulendo uno simudzandipezanso."

"Ukugulitsa magazi kwa mwana wako yemwe?" anatero Errol, zibakera zitafumbatidwa.

"Ndikulankhula ndi mkazi wanga, amwene. Ukwati sitinathetse. Kapena zimenezonso sanakuuze?"

Mphepo inawomba mwamphamvu, mapepala a pa matebulo n'kuuluka. Kumunsi, kupyola nkhokwe za tirigu, kunayamba kulira galimoto ya ozimitsa moto. Tilda anatsokomola, kutsokomola kouma kosatha msanga, ndipo Marnie anathamangira kukamuweramitsa n'kumamusisita pamsana. Dzanja la mwanayo linagwa pa chogwirira cha m'mbali n'kulendewera. Chaka chatha ankatha kulikweza yekha. Marnie analinyamula, n'kulibwezera pamwendo, n'kukhala akuliyang'ana.

Errol anadikira. Ankamudziwa Marnie, mkazi amene anathamangitsapo dokotala m'chipinda, amene anakankha chikuku yekha pa chitunda chimenechi osapempha munthu. Ankadziwa kuti aimirira, amulavulira Brodie kumaso, amuuza kuti abwerere kudzenje kumene wachokera. Mumtima anati, Marnie angonena liwu limodzi lokha, ine Brodie uyu ndimugwetsa pansi pomwe pano.

Marnie anaimirira. Anapukuta phulusa kumaso ndi kuseri kwa dzanja. Maso ake sanapite n'komwe kwa Errol.

"Brodie," anatero, mawu ali phwa. "Lachinayi tinyamuka nthawi yanji?"